Ankati ndine waulesi, osadziwa kuti usiku ndimasiya kupuma

Kwa zaka 6 ine ndinali munthu woodzera paliponse, ndipo ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti alipo wina amene akuwerenga pompano maso akulemera, khofi wachitatu ali pambali, akudzifunsa kuti kodi ineyo chandivuta n'chiyani. Ndinkalowa m'bulangete 10 koloko usiku nkudzuka 6 koloko m'mawa, maola 8 athunthu, koma podzukapo thupi linkakhala ngati usiku onse ndimasenza katundu. Mutu kuwawa chapamphumi, m'kamwa mouma gwaa, nde ikamakwana 10 koloko ndili pa kompyuta kuntchito manambala ayamba kusakanikirana, mutu wagwa, ndadzidzimuka, ndayang'ana uku ndi uku kuona ngati wina wandiona. Tikangodya nkhomaliro nde osanena.

Anzanga kuntchito anandipatsa dzina loti Akaodzera. Iwo ankangocheza, ine ndinkasekera nawo limodzi koma mkatimu zinkandipweteka kwambiri. Tsiku lina abwana anandiitanira mu ofesi mwawo nkutseka chitseko, nkundifunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo, tandiuzeni zoona, usiku mumakhala kuti?" Ndinadziwa chomwe ankatanthauza, ankaganizira za mowa kapena zina. Ndinawayankha kuti ndimakhala kunyumba bwana, ndimagona nthawi yabwino, koma nkhope yawo inaonetseratu kuti sanakhulupirire. Choipitsitsa n'choti nane ndinayamba kukhulupirira kuti ndine waulesi basi, kuti anzangawa ali ndi khama lomwe ine ndilibe. Munthu ukafika pamenepo susakanso thandizo, umangodzida.

Ndinayesa zambiri. Khofi ndinafika pa makapu 6 patsiku, kuwonjezera zakumwa zija amati zopatsa mphamvu, zinkandigwira mwina ola limodzi kenako tulo nkubwerera ndi ukali. Pambuyo pake mpamene ndinadzamva kuti kafini amachedwa kutuluka m'thupi, pakatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala likadali m'magazi, nde khofi amene ndinkamwa 4 koloko madzulo kuti ndimalize ntchito ankasokonezanso tulo tausiku tomwe tinali kale tosalongosoka. Ndinagula mavitamini. Ndinayesa kugona 8 koloko ngati mwana. Loweruka ndinkatha kugona maola 11 nkudzuka chimodzimodzi.

Kuchipatala ndinapitako kangapo ndithu. Anandiyeza magazi kuona ngati ndi ochepa, anayeza shuga, anayeza chithokomiro, ndipo anachita bwino kutero chifukwa zitatu zimenezi zimafooketsadi munthu komanso sizivuta kuzipeza. Zonse zinatuluka bwinobwino. Chomwe anapeza ndi BP yokwera basi. Anandipatsa mapiritsi, BP osatsika, anawonjezera mtundu wachiwiri, kenako wachitatu, iyo ikadali pamwamba. Pano ndikaganiza sindiwaimba mlandu kwambiri madotolowo, chifukwa nane ndinkalakwitsa kafotokozedwe. Ndinkangoti "adokotala, ndimatopa." Kutopa ndi kuodzera ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chonde mugwire pamenepa. Wotopa amakhala alibe mphamvu koma mutamugoneka masana akhoza kumangogubuduka osagona. Woodzera tulo timamugwira iye asakufuna, ali chikhalire, pakati pa nkhani. Ukati ndimatopa dotolo amaganiza za magazi, za nkhawa, za kuchuluka kwa ntchito. Ukati ndimagona osafuna olo ndili pa chiwongolero, maganizo ake amapita kwina. Za mkonono nde sindinatchulepo n'kamodzi komwe, nanga ndani amapita kuchipatala kukanena kuti ndimachita mkonono?

Chomwe chinandiopsa zedi chinachitika pamsewu. Tsiku limenelo ndinali ndi mwana wanga wamng'ono kumbuyo, dzuwa likuswa mtengo, msewu woongoka, ndikuthamanga cha mu 100. Ndikukumbuka ndikuona lole kutali kutsogoloko, kenako ndinangomva hutala ikulira galimoto yanga ili kale mbali ya eni ake. Zapakatipo palibe chomwe ndimakumbuka. Ndinakhotetsa, ndinaima pambali manja akunjenjemera, mwana akundifunsa kuti adadi taimiranji. Timatulo timeneti ta masekondi ochepa madotolo amati microsleep, ubongo umangozima wokha osakupempha. Tawerengani nokha, pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, nde masekondi atatu okha ndi mamita oposa 80 galimoto ikuyenda yopanda woyendetsa. Kutsegula windo, kukweza wailesi, kudzitsina, zonsezo ndinkachita ndipo sizithandiza kanthu. Chothandiza ndi kuima basi.

Madzulo ake nditawafotokozera mayi akunyumba sanakalipe ayi. Anakhala kaye chete kenako nkunena kuti, "Bambo, ine ndakhala ndikukuuzani kuti usiku mumasiya kupuma, inu mumati ndikukokomeza." Ndipo zinali zoona, anali atandiuzapo kambirimbiri. Ine ndinkayankha kuti amuna onse amachita mkonono, bambo anga ankachita, agogo ankachita, nanga ndikanakhala kuti ndimasiya kupuma bwenzi ndili moyo? Usiku umenewo iwo sanagone, anatenga foni nkundijambula mphindi 20.

M'mawa ndinaonera vidiyo ija ndekha ndipo sindidzaiwala. Munthu uja wagona chagada kukamwa yasa, mkonono ukulira mwamphamvu, kenako zii. Chifuwa chikukoka, mimba ikukwera nkutsika, kuonetsa kuti thupi likulimbana kuti lipume koma mpweya sukulowa. Ndinayamba kuwerenga, 10, 15, 20, 25, ndikudziwa bwinobwino kuti ndi ine ndemwe ndipo ndili moyo koma mtima ukugunda kufuna kumugwedeza munthuyo kuti adzuke. Kenako kubanika kwamphamvu ngati munthu amene amamizidwa m'madzi wangovuuka, miyendo kuphiriphitha, mkonono nkuyambiranso. Pasanathe mphindi ziwiri zii kachiwiri. Mu mphindi 20 zija zinachitika maulendo oposa 10 ndipo panalibe ngakhale umodzi womwe ine ndinkaudziwa. Kuvuta kwa matenda amenewa ndi kumeneku, akamachitika mwiniwake sakhalapo, mboni imakhala amene wagona pambali pako. Mayi akunyumba anali atatha zaka akudzuka pakati pa usiku nkumandigwedeza kuti ndipume, akuopa kuti tsiku lina sindidzayambiranso, ine nkumawauza kuti akukokomeza. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero kuposa dzina lija la kuntchito.

Ndinapita nayo vidiyo ija kwa dotolo ndipo ulendo uno nkhani inayenda mosiyana. Anaonera osafika n'kumapeto komwe nkutulutsa pepala la mafunso 8 lotchedwa Epworth Sleepiness Scale, lomwe analikonza dotolo wa ku Melbourne ku Australia, Murray Johns, nkulisindikiza mu 1991. Limakufunsa kuti n'kwapafupi bwanji kuti uodzere ukamawerenga, ukamaonera TV, utakhala pagulu osachita kanthu, uli pasenjala m'galimoto kwa ola lathunthu, utatsamira kuti upumeko masana, ukucheza ndi munthu, utakhala phee ukatha kudya masana osamwa mowa, komanso galimoto itaima mphindi zochepa pamsewu. Funso lililonse umadzipatsa kuyambira 0 mpaka 3, zonse pamodzi 24, ndipo ukapitirira 10 nde kuti kuodzera kwakoko kwadutsa muyeso. Ine ndinapeza 18. Pepalali mutha kulipeza pa intaneti nkudziyesa nokha lero lomwe, koma muyankhe moona chifukwa enafe tinazolowera kubisa. Anandiyezanso khosi ndi tepi, masentimita 43, nkundiuza kuti khosi lopitirira 40 ndi chimodzi mwa zomwe amayang'ana, pamodzi ndi kunenepa, BP yokwera, zaka zopitirira 50 ndi kukhala mwamuna.

Kenako anandiyeza tulo. Ndinagona usiku umodzi ndi timawaya kumutu, malamba pachifuwa ndi pamimba, kapaipi pamphuno ndi kachipangizo kopana chala koyeza okosijeni. Palinso njira yapafupi yomwe amakupatsa kamakina kakang'ono kukagona nako kunyumba kwako. Chomwe amawerenga ndi choti pa ola limodzi wasiya kupuma kapena wapuma moperewera kangati, kwa masekondi 10 kapena kuposa, ndipo nambalayo amaitchula kuti AHI. Ikakhala yosafika 5 ndi bwinobwino, 5 mpaka 15 ndi pang'ono, 15 mpaka 30 ndi pakatikati, kuposa 30 nde kuti zafika poipa. Yanga inali 41. Okosijeni amene kwa munthu wabwinobwino amakhala 95 peresenti kupita m'mwamba, kwa ine ankatsika mpaka 78. Dzina la matendawa ndi obstructive sleep apnea.

Mmene anandifotokozera ndi motere. Munthu ukagona minofu yonse imamasuka, ndi yapakhosi yomwe. Kwa ena njira ya mpweya kuseri kwa lilime imakhala yopapatiza kale, kaya chifukwa cha mafuta a m'khosi, lilime lalikulu, chibwano chaching'ono chobwerera m'mbuyo kapena matonsilo aakulu, nde minofu ija ikamasuka njirayo imaphwafuka ngati paipi yofewa ukaiyamwa mwamphamvu. Mkonono ndi phokoso la mpweya ukudzipanikiza pa kampata kotsalako, ndipo zii uja mpamene patsekekeratu. Okosijeni akatsika ubongo umakudzutsa kwa masekondi ochepa, ongokwanira kuti minofu ikungike mpweya udutse koma osakwanira kuti m'mawa ukumbukire. Tangoganizani munthu akukugwedezani ka 41 pa ola, usiku onse, kwa zaka 6. Maola 8 anga aja anali a pa wotchi chabe, tulo teniteni tozama sindinkatipeza. Ndipo pa kudzidzimuka kulikonse mtima umathamanga, BP imakwera, n'chifukwa chake mapiritsi atatu aja ankalephera. Olo kukodza katatu kanayi usiku komwe ine ndinkati ndi ukalamba ukuyamba, anandiuza kuti ndi zomwezo, mtima ukapanikizika ndi kukoka mpweya kuja umatulutsa homoni yomwe imauza impso kuti zitaye madzi. Matendawa akakhalitsa osathandizidwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, matenda a mtima ndi shuga. Ndipo si osowa ayi, kafukufuku wina wamkulu wa mu 2019 anayerekeza kuti padziko lonse anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 ali nawo. Ambiri sadziwa n'komwe, ngati mmene ndinalili ine.

Anandipatsa makina otchedwa CPAP. Ndi kabokosi kamene kamapopa mpweya wamba kudzera mu paipi ndi masiki ya pamphuno, ndipo mphamvu ya mpweyawo ndi imene imagwira njira ija kuti isaphwafuke. Amene anayambitsa njira imeneyi ndi dotolo wa ku Sydney, Colin Sullivan, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Sindikunamizani kuti zinali zophweka. Masabata awiri oyamba ndinkaivula masiki ija ndili m'tulo, m'mawa nkuipeza pansi. Inkandipweteka pamwamba pa mphuno, mpweya unkathawira m'maso, m'mphuno munkauma. Ndinatsala pang'ono kusiya ndipo ambiri amasiyira pomwepa. Chomwe chinandithandiza ndi kubwerera kukadandaula m'malo mongoiponya mu kabati. Anandisinthira mtundu wa masiki, anandionetsa kagwiritsidwe ntchito ka kathanki ka madzi kamene kamanyowetsa mpweya, nkundilangizanso kuti ndiziivala madzulo ndili maso ndikuonera TV kuti thupi lizolowere. Sabata yachitatu ndinadzuka m'mawa wina nkudabwa kuti mutu sukuwawa, ndipo ndinali nditalota maloto aatali, chinthu chomwe ndinali nditaiwala kalekale. Tsiku limenelo ndinakhala mu mitingi maola awiri nkumva chilichonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, potuluka ndinapita kukakhala kaye ndekha chifukwa misozi inkalengeza. Patatha miyezi ingapo dotolo anandichotsera mtundu umodzi wa mapiritsi a BP. Koma chonde musasiye mankhwala anu panokha, ine anachita kundiyeza kaye.

Ndisakusocheretseni kuti aliyense woodzera masana ali ndi matenda angawa. Chifukwa chofala kwambiri ndi chapafupi, kusagona mokwanira basi. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7, nde ngati mumagona 1 koloko muli pa foni nkudzuka 5 koloko, yambani mwakonza zimenezo kwa masabata awiri muone. Ogwira ntchito ya usiku kapena yosinthasintha mashifiti nawo amavutika chifukwa thupi silidziwanso kuti usiku ndi uti usana ndi uti. Onaninso mankhwala amene mukumwa, ena a chimfine ndi ziwengo monga chlorpheniramine amagonetsa, chimodzimodzi amitriptyline, ena a khunyu ndi ena amphamvu opha ululu. Matenda a kukhumudwa amathanso kumugoneka munthu tsiku lonse. Pali ena amene miyendo imawanyerenyesa akangogona ngati muli nyerere mkati, osapeza mtendere mpaka aigwedeze kapena adzuke kuyendayenda, amati restless legs ndipo nthawi zambiri zimayenderana ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi. Kaodzera weniweni uja wa dzina langa la kuntchito ndi matenda ena osiyana kotheratu, obwera ndi ntchentche za tsetse, ndipo amene walumidwa nkuyamba kutentha thupi ndi kuwawa mutu asazengereze kukayezetsa chifukwa amapha.

Tsiku lomwe ndinkadikira zotsatira zanga ndinakhala benchi imodzi ndi mtsikana wina wa zaka za m'ma 20, wochepa thupi, wosachita mkonono n'komwe, ndipo nkhani yake inandikhudza kwambiri. Iye kuodzera kunamuyamba ali ku sekondale, aphunzitsi ankamuimika kumbuyo kwa kalasi ngati chilango. Anandiuza kuti akaseka kwambiri mawondo amangofooka, nthawi zina mpaka kugwa pansi koma akumva zonse, ndipo masiku ena podzuka maso amakhala otsegula koma thupi osatheka kuligwedeza. Ake anali narcolepsy, matenda a mu ubongo, ndipo mtundu womwe umagwetsa munthu chonchi umabwera chifukwa chosowa kemikolo yotchedwa orexin imene imathandiza munthu kukhala maso. Amenewa amawayeza mwanjira ina, ukagona usiku kuchipatala kukacha amakugoneka kasanu masana, maola awiri aliwonse, nkumaona kuti tulo tikukugwira mwachangu bwanji komanso ngati ukulowa msanga mu tulo ta maloto. Sachiritsika koma mankhwala othandiza alipo. Anati anatha zaka 8 akuuzidwa kuti ndi ulesi ndi chibwana, kunyumba ndi kusukulu komwe.

Komanso musamati poti ndine wochepa thupi kapena ndine mayi nde sleep apnea singandigwire. Azimayi amakhala nayo makamaka akasiya kusamba, kungoti iwo kawirikawiri amadandaula za kusowa tulo, mutu ndi kukhumudwa nde imaphonyeka mosavuta. Ana nawonso, makamaka a matonsilo aakulu, ndipo mwana m'malo moodzera amatha kukhala wosakhazikika, wovuta m'kalasi. Mwana wochita mkonono usiku uliwonse ndi wofunika kukamuonetsa kwa dotolo.

Ndikudziwa kuti si aliyense angapeze CPAP kapena malo oyezera tulo mwachangu. Podikirapo zilipo zomwe zimachepetsako. Kutsitsa thupi ngati lakwera kumathandiza, ine ndatsitsa makilo 9 ndipo ndikulimbana nazobe. Kugona cham'mbali m'malo mwa chagada, ena amachita kusokera kampira ka tenisi kumsana kwa malaya ogonera kuti akatembenuka kaziwabaya. Mowa wa madzulo umafewetseratu minofu ya pakhosi nde ndi wofunika kuupewa, fodya nayenso. Pali kachipangizo kovala m'kamwa kokankhira chibwano kutsogolo komwe madotolo a mano amapanga, kamathandiza amene matenda awo sanafike poipa. Chomwe ndikuchenjezeni kwambiri ndi mapiritsi ogonetsa. Munthu umaganiza kuti poti sindikugona bwino ndingogula ogonetsa, koma ngati vuto ndi kutsekeka kwa pakhosi ena mwa mapiritsi amenewa amangochititsa kuti ubongo uchedwe kukudzutsa pamene wabanika. Ndipo ngati mumagona nokha popanda wokuonani, ikani foni pambali ijambule mawu usiku onse, m'mawa mumvetsere ngati muli zii uja ndi kubanika kotsatira pambuyo pake, kenako mukamupatse dotolo kuti naye amve.

Achimwene anga aakulu mkonono wawo umamveka panja chitseko chili chotseka, khosi ndi ngati langa lomweli, a BP akumwa mitundu iwiri, ndipo ntchito yawo ndi yoyendetsa galimoto mitunda italiitali. Ndawauzapo katatu, amangoti "iwe, kwathu tonse timachita mkonono." Mwezi watha ndinawaimbira alamu anga nkuwapempha kuti awajambule usiku. Vidiyo anatumiza, ndipo pamalo ena ndawerenga ndekha masekondi 30. Lachiwiri likubwerali ndikukawatenga kunyumba kwawo tipitire limodzi kwa dotolo, ndipo ndawauziratu kuti woyendetsa ndine.